Madzi a m'konkire, mwana wanga

Mwana wanga wokondedwa,

Amayi ako andiuza zimene unawafotokozera pafoni, kuti unakangana ndi kapitawo pamaso pa anyamata ake, mpaka unatulutsa pepala la kafukufuku wako n'kuyamba kumuwerengera. Usiku umenewo sindinaone tulo. Sikuti unanama ayi. Pa nkhani ya madzi unanena zoona, ndipo n'zoona zakalekale: Duff Abrams, katswiri wofufuza za konkire, anazisindikiza mu 1918, kuti madzi akachuluka poyerekeza ndi simenti, konkire imafooka. Chikundiopsa ine n'chakuti tsopano madziwo aziwathira iwe utatembenuka, pamene wosaina ntchitoyo ndiwe.

Unali wotero kuyambira kale. Ndikukuona uli kupulayimale, ukukonza samu ya aphunzitsi pa bolodi anzako akuseka, ubwera kunyumba ukudabwa kuti akwiyiranji. Ndinanyadira tsiku limenelo, sindibisa. Koma samu ya pa bolodi siigwera munthu pamutu.

Kulabotale kuja chilichonse unkayeza pa sikelo. Mchenga unali wouma, wosefedwa bwino. Makyubu ako, timabuloko ta konkire toyesera mphamvu yake, a mamilimita 150 ankagona m'madzi a madigiri 20 kwa masiku 28 usanawaphwanye. Chipilala chimene mukumangacho sichidzagona m'madzi, chidzakhala padzuwa ndi mphepo. Muyezo wa kumeneko ndi wilibala ndi fosholo, ndipo wilibala ya m'mawa siifanana ndi ya madzulo munthu atatopa.

Tiye tiwerengere limodzi. Pepala likati madzi akhale theka la kulemera kwa simenti, ndiye kuti thumba la makilogalamu 50 likufuna malita 25 basi. Komatu malita 25 amenewo akuphatikizapo madzi amene ali kale mumchenga. Mukamasakaniza 1:2:4, kutanthauza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala, thumba limodzi limatenga mchenga wopitirira pang'ono makilogalamu 100, ndipo mvula ikaugwera ungasunge madzi okwana malita 5. Mnyamata akathira malita 25 ake onse, mwafika pa 30, ndiye kuti 0.5 wako uja wasanduka 0.6 popanda wina kuchita dala. Kenako wina awonjezera kachitini kuti fosholo ipepuke. Si zokhazo: mchenga wachinyezi umafufuma, mwina ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, choncho wilibala yooneka yodzaza imakhala ndi mchenga wopereweza. Uza kalipentala akukhomere bokosi loyezera. Ndowa ya madzi uilembe mzere ndi penti, ikhale imodzi yokha. Mvula ikagwa usiku, m'mawa ufinye mchenga m'dzanja musanayambe, uchepetse madzi.

Ndipo unamufunsa kapitawoyo chifukwa chimene amawonjezera madzi? Ndikudziwa kuti sunamufunse. Safunsa anadya phula, mwana iwe. Munthu uja si mbuli. Konkire youma siilowa pakati pa zitsulo zothinana, imasiya mabowo, ndipo akachotsa matabwa mabowowo n'kuonekera, wokalipiridwa ndi iye. Kafukufuku wako sanakumane ndi vuto limeneli chifukwa m'kyubu mulibe zitsulo. Ukangomuletsa madzi osamupatsa njira ina, wamusiya pamoto. Onetsetsa kuti vibrator, makina onjenjemeretsa konkire kuti mpweya utuluke, ilipo ndipo ikugwira ntchito, ailowetse choimika, aitulutse pang'onopang'ono thovu likasiya kutuluka. Mpweya wotsalira mkati ndi woipa ngati madzi omwe: gawo limodzi pa magawo 100 limadya mphamvu pafupifupi magawo 5 pa 100. Pamene zitsulo zathinana kwambiri pempha miyala yocheperapo, kapena mankhwala ofewetsa konkire. Zikavuta, madzi awonjezeredwe limodzi ndi simenti, osati okha.

Slump, muyezo woonetsa kufewa kwa konkire yaiwisi, uziyeza iye ali pomwepo, ndipo ndodo yobayira konkire umupatse agwire yekha. Chitsulo choyezera chija, chooneka ngati fanulo, chotalika mamilimita 300, muchidzaze konkire m'magawo atatu, ulendo uliwonse abaye ka 25, musalaze pamwamba, mukweze bwinobwino osagwedeza, muyeze mmene konkire yatsikira. Akaona ndi maso ake kuti ya lero yatsika kuposa ya dzulo, sufunikanso kutulutsa pepala. Upitenso ukamupepese pa za tsiku lija, muli awiri. Usanene kuti unalakwitsa za madzi, chifukwa sunalakwitse. Upepese chifukwa chomuyalutsa pagulu.

Za makyubu ndimvetsetse. Uzitunga wekha pa konkire imene ikuthiridwa m'chipilala, nthawi imene iwo sakuyembekezera. Ukalola kuti akukonzere yapadera ya makyubu, labotale idzakubwezera manambala okongola a konkire imene kulibe m'nyumbamo. Ena uphwanyitse pa tsiku la 7. Pamenepo mphamvu imakhala itafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ya masiku 28, ndiye ngati yatsika kwambiri udziwiretu musanamange pamwamba pake. Silabu ikhale yonyowa masiku osachepera 7, yofunditsidwa masaka onyowa kapena pulasitiki. Mukathira Lachisanu, ndani athirire Loweruka ndi Lamlungu? Tchula dzina la munthu, ulilembe m'buku, upite ukaone.

Sindikunena kuti utaye mabuku, ayi ndithu. Kapitawo amaona konkire tsiku lochotsa matabwa, ikaoneka yosalala amakhutira. Dzimbiri limene lidzadye zitsulo patapita zaka chifukwa zinayandikira kwambiri kunja, iye sadzaliona. Amene analiwerenga ndiwe. Choncho timiyala toikira pansi pa zitsulo uzitiyang'ana musanathire, ndipo pamenepo usagonje ngakhale akunene kuti ndiwe wovuta.

Koma mwana wanga, usasaine chimene sunaone. Kaya galimoto ikudikira, kaya abwana akuimba foni, kaya kwada. Usasaine. Amayi ako akuti ndikubwereza mawu, akuti ndikuopseza mwana. Mwina n'zoona, koma dzina limene lidzakhale papepalapo ndi lako, ndipo pansi pa silabuyo padzagona ana a eni.

Amayi akupereka moni, akuti uzivala chipewa chako cha ntchito ngakhale kutenthe. Undiimbire Lolemba madzulo, undiuze slump inatsika mamilimita angati, komanso ngati ndodo anagwira ndi kapitawo.

Ndine,
Bambo ako