Lipoti la msonkhano wa zolemba za Bonnie Parker

A Tcheyamani, amayi ndi abambo a m'gulu lathu la alakatuli, zikomo pondituma. Ndapita, ndamva, ndabwerako. Msonkhano unali wa tsiku limodzi mumzinda wa Dallas, ndipo nkhani inali ya ndakatulo ndi dayale (buku lolembamo za tsiku ndi tsiku) ya Bonnie Parker, mtsikana uja ankayenda ndi Clyde Barrow m'gulu la achifwamba pa nthawi ya mavuto aakulu a zachuma ku America.

M'mawa anatifotokozera mbiri yake mwachidule. Anabadwa mu 1910 ku Rowena, Texas. Bambo ake, amene anali mmisiri womanga nyumba, atamwalira mu 1914, mayi ake anasamukira ku Cement City, kufupi ndi Dallas. Bonnie anakwatiwa ndi Roy Thornton mu 1926, zaka 16 asanakwanitse, koma banjalo silinayende. M'dayale yake ya utsikana amadandaula za kusungulumwa ndi kutopa ndi moyo wa m'tauni. Clyde anakumana naye mu January 1930.

Chimene chinandigwira mtima ndi komwe ndakatulozo zinabadwira. Mu 1932 anatsekeredwa m'ndende ya Kaufman County, ndipo m'menemo ndi momwe analemba ndakatulo m'kope, kuphatikizapo "The Story of Suicide Sal", nkhani ya mtsikana wakumudzi amene chikondi chinamulowetsa m'chifwamba. Pa 13 April 1933, ataomberana ndi apolisi ku Joplin, Missouri, gululo linathawa n'kusiya zolemba zake pamodzi ndi filimu ya m'kamera. Nyuzipepala zinasindikiza ndakatulo ndi zithunzi, ngakhale chithunzi chake ali ndi mfuti m'manja, ndudu yaikulu kukamwa. Dzina linabuka pamenepo.

Ndakatulo zake si zozama m'mawu, ndinene poyera. Ndi zofanana ndi nyimbo yofotokoza nkhani, mizere yogwirizana kumapeto, yosavuta kuloweza. Koma ija anapereka kwa mayi ake patatsala masabata ochepa kuti afe, "The Trail's End", itawerengedwa mokweza, m'chipindamo munangoti zii. Akulosera imfa yake, osanjenjemera, ali ndi zaka 23 zokha. Ananena kuti adzaikidwa pafupi ndi Clyde. Anaphedwadi limodzi pa 23 May 1934 ku Bienville Parish, Louisiana, koma mayi a Bonnie anakana zowaika manda amodzi. Mpaka lero agona m'manda osiyana mu Dallas momwemo.

Masana kunabuka mtsutso, ndipo ine ndinaimika dzanja m'dzina lanu. Ena ankamulankhula ngati mlakatuli woponderezedwa basi. Umphawi unalipodi, sindikukana. Koma tsiku lija la ku Joplin apolisi awiri, Harry McGinnis ndi Wes Harryman, anafa, ndipo gulu la Bonnie ndi Clyde linapha apolisi osachepera 9, kuphatikizaponso anthu wamba. Ndakatulo yomaliza ija imadandaula kuti iwo amanamiziridwa milandu, koma za amasiye amene anawasiya m'mbuyo ili duu. Ndinati kukhala chete kumeneko nakonso tikuwerenge. Ena anagwedeza mutu kuvomereza, ena sanakondwe nazo.

Pempho langa ndi ili: pa kukumana kwathu kotsatira tiwerenge ndakatulo ziwirizi, wina ayambe watchula mayina a ophedwa, kenako tikambirane ngati tingathe kuzimasulira m'Chichewa osazikometsa. Zolemba zonse ndazisiya kwa a Mlembi, pamodzi ndi malisiti a ulendo.