Mabwalo a mpira amangidwe, koma oyandikana nawo awerengedwe kaye

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya mabwalo a mpira a ku Blantyre, ngakhale ndili kutali kuno ku Joni. Ndine telala, kwathu ndi ku Zingwangwa, ndipo kuyambira 2006 ndakhala ku Bertrams, mphindi khumi zokha kuyenda wapansi kuchoka pa bwalo la Ellis Park. Nkhani ya bwalo la Bullets ku Zingwangwa ndi la Wanderers ku Kanjedza ikangobuka pa magulu athu a WhatsApp, mkangano umakhala wa mipando ingati, udzu wotani, ntchito inaimiranji. Ine ndine wa Maule kuyambira ndili mwana ndipo bwalolo ndikulifuna ndi mtima wonse. Koma sindinamvepo munthu akufunsa za anthu amene akukhala kuseri kwa mpanda wa bwalolo, makamaka a lendi. Ine ndinakhalapo kuseri kwa mpanda wotero, ndiye ndifotokoze zimene ndinaona ndi maso anga.

Nditafika kuno ndinapeza chipinda m'nyumba ina yakalekale, ya njerwa zofiira ndi khonde lalitali. Inamangidwira banja limodzi koma tinkakhalamo mabanja khumi ndi limodzi, zipinda zitagawidwa ndi matabwa opyapyala moti mnzako akatsokomola usiku umadziwa kuti ndi uje. Ndinkalipira R450 pamwezi. Makina anga osokera ndinawaika pawindo loyang'ana kumsewu, ndipo makasitomala ankangogogoda pagalasi. Mpopi unali umodzi kuseri, chimbudzi chogwira ntchito chimodzi. Sindikuyamikira nyumba imeneyo, inali yoipa. Koma inali pafupi ndi mashopu a nsalu a m'tauni, ana a anzanga ankapita kusukulu wapansi, ndipo palibe amene ankawononga ndalama ya thiransipoti.

Chaka cha 2008, mzinda wonse uli kalikiliki kukonzekera mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010, tinadzuka tsiku lina n'kupeza pepala litamangiriridwa ndi waya pageti lathu. Linali lokutidwa ndi pulasitiki, zilembo zake zing'onozing'ono, Chingerezi cha maloya chokhachokha, manambala a puloti ndi ndime za malamulo. Tinkalidutsa m'mawa ndi madzulo. Mnyamata wina wa ku Mozambique ankakolekapo thaulo lake akachapa. Patapita miyezi ndi pamene tinamva kuti pepalalo linkanena kuti mwini nyumba wapempha kusintha ntchito ya malowo, kuti pasakhalenso nyumba yogonamo koma malo a bizinesi ndi oimikapo magalimoto, ndipo aliyense wosagwirizana nazo anali ndi masiku 28 oti alembe kalata yotsutsa. Masiku 28 amenewo anatha ife tikusoka, tikuphika, tikugona m'nyumba momwemo. M'mabuku munalembedwa kuti palibe anatsutsa. Mwini nyumba anagulitsa, anabwera anyamata kudzachotsa zitseko ndi kudula madzi, ndipo mmodzimmodzi tinanyamula katundu. Ine makina anga ndinawakankha pa tirole ya m'sitolo, mutu wa makinawo nditaukulunga m'bulangete kuti usakandike.

Mpaka lero chimandiwawa n'chakuti lamulo linatipatsa mpata wolankhula, koma mpatawo unabwera m'chilankhulo ndi m'njira yoti sitikanauzindikira. Ndiponso ambiri mwa ife tinkaopa. Munthu amene mapepala ake sali bwinobwino sangapite ku ofesi kukalemba dzina lake ndi keyala yake, ngakhale denga likumuchokera pamutu.

Ndisabise zabwino, chifukwa zilipo. Basi za Rea Vaya zinayamba kuyenda mu 2009 ndipo njira yake yoyamba inachoka ku Thokoza Park ku Soweto n'kudzathera pa Ellis Park pompano. Misewu yozungulira bwalo inakonzedwa, anaika magetsi ndi njira za oyenda pansi. Bwalolo linawonjezeredwa mipando n'kufika pafupifupi 62,000. Ndinaimirira panja tsiku la 12 June 2010 pamene Argentina inagonjetsa Nigeria 1-0, ndipo phokoso la mavuvuzela linkanjenjemeretsa malata. Mtima unasangalala, sindikana.

Komanso malamulo a mkati mwa bwalo ndi okhwima, ndipo pali chifukwa. Pa 11 April 2001 anthu 43 anafera pa bwalo lomweli atapanikizana pa masewero a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates. Boma linakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Jaji Ngoepe, ndipo mu 2010 kunabwera lamulo lapadera la chitetezo pa masewero ndi zisangalalo. Lero mageti amawerengedwa, matikiti amawerengedwa, njira zotulukira zimayezedwa. Ifenso kwathu tinalira pa 6 July 2017 pamene anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anapondedwa pa bwalo la Bingu ku Lilongwe. Choncho palibe angandiuze kuti malamulo a kamangidwe ndi chipsinjo chabe. Amapulumutsa miyoyo. Dandaulo langa ndi lakuti chisamaliro chimenechi chimathera pampanda. Woonera amene wakhala maola awiri amawerengedwa bwinobwino, koma wokhala pamenepo zaka khumi palibe pamene analembedwa.

Pali mayi wina wa ku Mangochi amene tinkakhala naye m'nyumba ija. Kwa zaka zambiri tsiku la masewero ankaika mbaula yake pakona pafupi ndi geti, akukazinga tchipisi ndi magwinya, amene kwathu tingati mandasi. Loweruka limodzi la rugby linkamupezera lendi ya mwezi. Mu 2010 anauzidwa kuti malo onse ozungulira bwalo ndi a makampani amene analipira mpikisanowo. Anasamutsira mbaula yake misewu inayi kutali, kumene ochemerera sankadutsa n'komwe chifukwa ankatsika basi n'kulowa molunjika. Mpikisano utatha pakona paja panali pataikidwa zitsulo. Ndinamuona tsiku lina akutsanulira mafuta osagwiritsidwa ntchito m'botolo, ufa wokandakanda uli m'beseni, watupa mpaka kusefukira, wopanda woti aukazingire. Anabwerera kumudzi mu 2012. Mapulani a malo amenewo anajambula pamene mtengo uliwonse udzabzalidwe, koma sanajambule pamene mayi ameneyu adzaike mbaula.

Mukatsika pang'ono kuchoka pa bwalo kulowera ku Lorentzville mupeza pamene mtsinje wa Jukskei umatulukira pansi pa nthaka. Madzi ake amatuluka ali kale akuda, akununkha suweji ya nyumba zodzaza zimene mapaipi ake anaphulika kalekale. Bwalo lili pamwamba, lowala, fungo lili m'munsi, kwa ife. Masewero aakulu akayandikira timaona magalimoto otola zinyalala kawirikawiri, maenje a mumsewu waukulu amakwiriridwa, apolisi amaima pakona iliyonse. Lolemba zonse zabwerera mwakale. Pa 31 August 2024 South Africa inagonjetsa New Zealand 31-27 pa rugby pa bwalo limeneli, misewu ili mbee. Tsiku lomwelo linali lokwanitsa chaka chimodzi chipsereni nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, mmene munafa anthu 76, pakati pawo Amalawi anzathu. Ife m'mawa umenewo tinali pa mapemphero okumbukira. Anthu othamangitsidwa m'nyumba ngati yathu ija sasowa ngati utsi, a Mkonzi. Amakalowa m'nyumba zina zoipa kuposa, zopanda madzi, zogawidwa ndi makatoni, geti limodzi lokhoma ndi loko. Awiri mwa anzanga a m'nyumba ija anakathera m'nyumba zoterozo za m'tauni.

Patapita zaka ndinadzamva kuti malamulo a kuno anali kumbali yathu kuposa mmene tinkaganizira. Lamulo la 1998 limaletsa kutulutsa munthu m'nyumba popanda chigamulo cha khoti, ndipo silifunsa kuti munthuyo anabadwira kuti. Mu 2008, chaka chomwe ife tinkakankha matirole, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula pa mlandu wa anthu a ku Olivia Road ku Berea kuti mzinda uyenera kukambirana moona mtima ndi anthu usanawachotse. Mu 2011, pa mlandu wa Blue Moonlight, khoti lomwelo linati ngakhale wochotsa anthu akhale mwini malo wamba, mzinda uyenera kuwapezera pogona pongoyembekezera ngati alibe kolowera. Mu 2019 khonsolo ya Johannesburg inavomereza ndondomeko yoti amene akumanga nyumba zokhalamo 20 kapena kuposa pamalo amodzi apatule 30 peresenti kuti zikhale za anthu opeza zochepa. Ndondomeko imeneyi ndi ya omanga nyumba. Bwalo la mpira si nyumba yogonamo, koma ndi limene limakweza mtengo wa malo oyandikana nalo, n'kupangitsa malandilodi kuona kuti magalimoto oimikidwa amalipira bwino kuposa anthu.

Tsono ndikubwerera kwathu. Zingwangwa ndikuidziwa, ndinakulira momwemo. Nyumba zambiri ndi za lendi, pa puloti imodzi zitseko zisanu ndi chimodzi kapena kuposa. Chitukuko chikabwera, chipukuta misozi chimapita kwa mwini puloti, wa lendi amangouzidwa kuti mwezi ukatha asamuke. Bwalo likadzatha, ndi msewu wake wotakasuka ndi malo oimika magalimoto, malo ozungulira adzakwera mtengo, ndipo zimene zinatichitikira ku Bertrams zidzachitikira azakhali anga. Adzapita kuti? Adzakwera phiri. Tonse tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu March 2023 kwa anthu amene anamanga m'mbali mwa phiri la Soche ndi ku Chilobwe. Anthu amenewo sanakwere phiri chifukwa chokonda mphepo, anakwera chifukwa kumunsi kunalibe malo oti angakwanitse.

Ndipo madzi. Denga la bwalo ndi konkire ya malo oimika magalimoto sizimwa mvula. Madzi onsewo ayenera kupita kwinakwake, ndipo ku Blantyre kwinakwake ndi m'nyumba za anthu a kumunsi. Ndikufuna amene akuvomereza mapulani asasaine asanaone ngalande zikuthera kuti, ndipo aziyende okha ndi mapazi nthawi ya dzinja, osati kungoyang'ana pa pepala.

Tili ndi lamulo la mapulani a malo la 2016, tilinso ndi lamulo la zachilengedwe la 2017 limene limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe kaye mmene zikhudzire anthu ndi malo. Pempho langa kwa khonsolo ya mzinda wa Blantyre ndi kwa akuluakulu a matimu awiriwa ndi lakuti kuunikako kuwerenge anthu a lendi ndi mayina awo, khomo ndi khomo, osati eni mapuloti okha. Chidziwitso chilembedwe m'Chichewa, chilengezedwe pa wailesi, m'matchalitchi ndi m'mizikiti, amfumu ndi makhansala aitanitse msonkhano pa tsiku limene anthu sali kuntchito. Malo a mavenda ajambulidwe pa pulani pomwepo, akhale ndi mpopi ndi chimbudzi, kuti amayi a zitumbuwa ndi anyamata a kanyenya asadzathamangitsidwe tsiku lotsegulira. Zimenezi zikhale mbali ya chilolezo, zolembedwa, zoti munthu angathe kuloza ndi chala. Lonjezo la pa msonkhano wa ndale ife kuno tinalimva kambirimbiri. N'chimodzimodzi tsiku limene adzaganize zogwetsa ndi kumanganso bwalo la Kamuzu ku Chichiri, limene latsekedwa ndi kutsegulidwa kangapo chifukwa chokalamba.

Ena adzati zonsezi zichedwetsa ntchito imene yachedwa kale. Mabwalowa analonjezedwa mu 2019. Zaka zonse zapitazi sizinatayike chifukwa chofunsa maganizo a anthu a ku Zingwangwa. Miyezi iwiri yoyenda khomo ndi khomo singakhale imene ingaphe ntchitoyi.

Kwa abale anga okhala kuno ku Bertrams, Troyeville, Rosettenville ndi Turffontein: mukaona pepala lokutidwa ndi pulasitiki pageti panu kapena pa nyumba yoyandikana, lijambuleni pa foni tsiku lomwelo, mupeze woti akuwerengereni, muone tsiku limene masiku 28 akuthera. Mwezi wathawu linaoneka lina pa mpanda wa nyumba yachitatu kuchoka pamene ndikukhala tsopano. Mwana wamkazi wa neba wanga, amene ali ku sekondale, anatiwerengera mzere ndi mzere tili pa khonde, ine ndikumasulira anzathu m'Chichewa, wina m'Chishona. Tinalemba kalata yotsutsa, tinasaina anthu 23, ena asanu anakana chifukwa cha mantha ndipo sitinawakakamize. Ndinakaipereka ndekha kutatsala masiku anayi, anandidindira kope langa, ndipo ndalisunga m'kabati ya makina pamodzi ndi pasipoti. Tikudikira kuitanidwa.

Ine wanu,
Telala wa ku Zingwangwa,
Bertrams, Johannesburg