Chinsinsi chomwe chabisala mu pensulo yako

Mphwanga wokondedwa,

Mayi ako andiuza kuti masiku ano mafunso sakukuthera, mpaka unawafunsa kuti kodi nalimata amayenda bwanji kudenga osagwa. Ndasangalala zedi, funso limenelo ndi lomwenso limawasowetsa tulo anthu a sayansi.

Ku zala za nalimata kuli tiubweya tambirimbiri, kalikonse kogawikagawika kunsonga ngati tsache, ndiye timakakamira pakhoma popanda ulimbo kapena guluu. Timathero taketo nditating'ono kwambiri moti poyeza amagwiritsa ntchito nanomita. Tenga lula yako, uone kamzere kamodzi ka milimita, ukakagawa ka 1,000,000 kagawo kamodziko ndiye nanomita. Chikhadabo chako chimakula pafupifupi nanomita imodzi sekondi iliyonse, panopa pomwe ukuwerengamu chikukula!

Koma nkhani yomwe imandikomera ine ndi ya pensulo. Chakuda chija chili mkati mwake amachitcha graphite, ndipo chinapangika ngati timapepala tosanjikizana, ukamalemba timapepalato timasupuka nkutsalira pa kope. Mu 2004 ku University of Manchester, anthu awiri, a Andre Geim ndi a Konstantin Novoselov, anatenga graphite nkumatapo selotepi, kumatula, kumatanso, kumatulanso, choncho choncho mpaka anapeza kachidutswa kopyapyala kwambiri, kochindikala ngati atomu imodzi basi (maatomu ndi tinthu tochepetsetsa tomwe timapanga zinthu zonse). Selotepi wamba iwe, yomweyi timamatira mabuku ong'ambika. Kachidutswako dzina lake ndi graphene. Kuti ufike milimita imodzi uyenera kusanjikiza timapepala timeneti pafupifupi 3 miliyoni, koma pakupyapyala kwakeko ndikolimba kuposa chitsulo, magetsi amadutsamo bwinobwino, kuwalanso kumadutsa ngati pagalasi. Mu 2010 awiriwa anapatsidwa mphoto ya Nobel.

Pano anthu akuyesa kuika graphene mu mabatire komanso mu zosefera madzi, zambiri zikadali ku labu, sindikunamize ayi. Ndipo a Geim omwewa anapangaponso tepi yotengera zala za nalimata wako uja.

Ndiye chita izi. Detsa kwambiri pa pepala ndi pensulo, matapo selotepi, umatule, uipinde mbali zomatazo zikumane, utambasule, ubwereze kangapo uzionera pa dzuwa mmene chakudacho chikumbuwira. Graphene yeniyeniyo sungaione ndi maso, imafuna maikulosikopu, koma njira yake ndi yomweyo. Upemphe kaye selotepiyo kwa mayi ako, ndipo undilembere kuti unapinda kangati.

Ndine malume ako okukonda