Lipoti la msonkhano wa za kugumuka kwa sinowo m'mapiri

A Wapampando ndi mamembala nonse, nazi zomwe tabwera nazo ku msonkhano womwe munatituma.

Nkhani yaikulu inali ya gawo lofooka lobisika pansi pa sinowo (chipale chofewa chomwe chimagwa kumalo ozizira kwambiri). Sinowo amagwa nthawi zosiyanasiyana, motero amasanjikizana m'magawo. Kutentha kwa m'kati mwake kukamasiyana ndi digiri imodzi pa masentimita 10 aliwonse, timibulu take timasanduka ngati shuga, osagwirananso. Pamwamba pa gawo lotere pakakhala chibenthu cholimba, makamaka chomwe mphepo yaunjika kuseri kwa mtunda, kulemera kwa munthu mmodzi kumakwanira kuswa gawolo, ndipo mng'alu umathamanga chibenthu chonse n'kutsetsereka. Anthu pafupifupi 90 pa 100 alionse okwiriridwa amakhala atayambitsa okha chigumukirecho, kapena mnzawo wa m'gulu.

Kukumba dzenje loyesera ngati gawo lofookalo lilipo anatisonyeza motere. Sankhani malo otetezeka oyang'ana mbali imodzi ndi komwe mukufuna kudutsa. Kumbani mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, salazani khoma, ndipo yesani kulimba kwa gawo lililonse polikankha ndi chibakera, zala zinayi, chala chimodzi, pensulo, kenako mpeni. Dulani chipilala cha masentimita 30 mbali zonse, ikani fosholo pamwamba, menyani ka 10 kuchokera pamfundo ya dzanja, ka 10 kuchokera pachigongono, ka 10 kuchokera paphewa. Onani pomwe chathyoka komanso mmene chathyokera. Chikaduka mwadzidzidzi, mosalala, n'choopsa. Chipilala cha masentimita 90 m'lifupi chimaonetsanso ngati mng'aluwo ungafalikire.

Apa tikupempha mumvetsetse. Dzenje limanena za malo omwe mwakumbawo basi. Likaonetsa kufooka, bwererani. Likaoneka bwino, sichilolezo chopitira patsogolo, chifukwa mamita ochepa chabe kuchokera pamenepo zinthu zimatha kusiyana.

Chomwe chili m'manja mwathu ndi kusankha njira. Zigumukire zambiri zimayambira pa malo opendekeka madigiri 30 mpaka 45, choncho aliyense aziyeza ndi chipangizo, asamangoyerekeza ndi maso. Muziyang'ananso zomwe zili kumtunda kwanu. Zizindikiro zobweza ulendo ndi izi: chigumukire chatsopano chapafupi, sinowo kutitimira ndi mkokomo pansi pa mapazi, ming'alu yothamanga kutsogolo kwanu, sinowo watsopano wa masentimita 30 m'tsiku limodzi, mvula kapena kutentha kwadzidzidzi.

Muyeso wa ngozi ya chigumukire, womwe akatswiri amalengeza pochenjeza anthu, uli ndi milingo isanu. Wachitatu ndiwo umapha ambiri, poti anthu amauyesa wapakatikati n'kupitabe.

Tikupempha kuti likhale lamulo la gulu kuti aliyense azinyamula transceiver (kachipangizo kotumiza ndi kulandira chizindikiro chothandiza kupeza munthu wokwiriridwa), ndodo yofufuzira m'sinowo ndi fosholo, tiziyesana zipangizozo tisananyamuke, ndipo malo okayikitsa tizidutsa mmodzimmodzi. Wofukulidwa m'mphindi 15 zoyamba nthawi zambiri amapulumuka, koma zikakwana mphindi 35 ambiri amakhala atabanika. Komiti ikonze tsiku loti tonse tiyeserere kufufuza ndi kufukula nyengo yozizira isanayambe.