Mwatisinthira adiresi mwakachetechete, nthambi yathu ya ku Karonga yaima

Inu a kampani imene imatigulitsa intaneti ya faiba muno mu Mzuzu, ndalemba pano poyera chifukwa ku nambala yanu ya makasitomala ndaimba kasanu, ndipo kasanu konseko yankho ndi lomwelo: "Bambo, zimitsani rauta, mudikire pang'ono, muyatsenso." Ndazimitsa mpaka chala chatopa.

Ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira m'tauni muno, ndi nthambi ina ku Karonga. Kompyuta yosunga sitoko ndi malisiti ili kuno, ndipo anyamata a ku Karonga amalowa m'menemo kudzera pa intaneti. Makamera a shopu ndimawaonera pafoni ndili kunyumba ku Katoto. Rauta yathu ndi MikroTik ndipo ili ndi malaini awiri: faiba yanu ndiyo yaikulu, ina ndi SIM ya 4G ya kampani ina, yodikira kuti yanu ikagwa tisakhale manja lende. Mphwanga amene anatchera zonsezi anayatsanso DDNS ya m'rauta momwemo. Ntchito yake ndi yakuti adiresi ya IP (nambala yotizindikirira pa intaneti) imene mumatipatsa ikasintha, rauta imakanena yokha adiresi yatsopano, dzina lathu lolowera n'kukhala lomwelo. Zaka ziwiri zinthu zimayenda bwinobwino. Adiresi mumasintha mmene mwafunira, ife osadandaula.

Lolemba la sabata yatha, a ku Karonga anaimba kuti sakutha kulowa. Intaneti m'shopu ilipo, WhatsApp ikuyenda, koma kuchokera kunja chitseko n'chotseka. Poyamba tinkaganiza kuti rauta yathawira ku 4G. Izo timazidziwa kale: laini ya 4G siilola munthu wakunja kulowa, ndipo tinavomereza kuti ikakhala pamenepo Karonga azilemba m'kope kwa kanthawi. Koma ayi, inali pa faiba yanu. Mphwanga atayang'ana anapeza kuti adiresi ya pa rauta ikuyamba ndi 100.72, pamene dziko lakunja likutiona ndi adiresi ina. Maadiresi onse oyambira 100.64 mpaka 100.127 anapatulidwa kuti makampani ngati inu aziunjikiramo makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi, zimene amati CGNAT. Ndiye DDNS ikugwira ntchito yake mokhulupirika, koma ikuloza pageti la mpanda umene tikukhalamo anthu ambirimbiri, ndipo mlonda wapagetipo sadziwa kuti mlendo akufuna nyumba iti. Ma port (timakomo tolowera akunja) amene tinatsegula pa rauta yathu alibenso phindu.

Sindine wosamva. Ndikudziwa kuti maadiresi a mtundu wakale, a IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi, ndipo ngakhale AFRINIC imene imagawa kuno ku Africa ikupereka modontheza. Koma laini yanga ndi ya bizinesi, ndimalipira mtengo wa bizinesi mwezi ndi mwezi osaphonya. Uthenga wokumbutsa bilu mumatumiza katatu pamwezi. Umodzi wokha wakuti "tikusinthirani adiresi, konzekani" unakukanikani bwanji?

Chimene chandipweteka kwambiri ndi cha Lachinayi. Munatumiza mnyamata wanu, waulemu ndithu, sindimunena. Koma atangofika anabaya kabowo ka reset, zonse zimene mphwanga anatchera n'kufufutika: failover (yothawitsira rauta ku 4G faiba ikagwa), ma port, DDNS, zonse. Kenaka anatsegula YouTube pafoni yake, nati, "Mwaona bwana, ikugwira." Mwayi wake tinali ndi backup pa fulashi, apo ayi ndikanalira. Ndipo titabwezeretsa, adiresi ili pompaja pa 100.72.

Tsopano wa kuofesi kwanu akuti ndigule static IP pamwamba pa bilu. Ine sindikufuna adiresi yosasintha. Ndikanaifuna, DDNS ndikanaikiranji? Ndikufuna public IP, adiresi yofikirika kuchokera kunja, imene ndinali nayo, isinthe ngakhale tsiku lililonse, bola ikhale yanga ndekha. Ngati zimenezo munasiya, nenani poyera kuti enanso a makamera ku Luwinga ndi ku Mchengautuwa asamavutitse amisiri awo pachabe. Ndipo tiuzeni ngati IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi, muli nayo, chifukwa amene ndinamufunsa pafoni anandifunsanso ine kuti imeneyo ndi bandulo yanji.

Pakali pano a ku Karonga akujambula malisiti n'kumatumiza pa WhatsApp, mkazi wanga n'kumalowetsa m'kompyuta usiku. Simenti tagulitsa kawiri matumba omwewo. Loweruka ndiyenera kutsika Chiweta kukawerenga sitoko pamanja, mafuta ake ndi awa mukuwadziwa.

Nambala ya akaunti ndi ya dandaulo ndakutumizirani ku inbox. Andiimbire munthu wa ku netiweki, osati wondiuza za kuzimitsa rauta. Likafika Lachisanu kuli zii, kalata yomweyi ndikaipereka ku MACRA.