Injini ikamazima itangochoka ku overhaul, yezani kaye musanagule masipeya

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi amakaniko anzanga komanso eni galimoto, makamaka aja a mataxi a Probox ndi Sienta. Ndagwira sipana ku Biwi kuno ku Lilongwe kwa zaka zoposa 20, ndipo zomwe ndinaona mwezi watha zandinyansa mpaka ndagwira cholembera.

Anandibweretsera Probox akuikoka ndi chingwe. Mwini wake ndi bambo wina amene amanyamula anthu pamsewu wa Mchinji. Injini yake, 1NZ-FE ya malita 1.5, inayamba kumwa oyilo ndi kufuka utsi, ndiye anakaichititsa overhaul, kutanthauza kuiphwasula ndi kuimanganso, kugalaja ina yomwe sinditchula. Anaikamo maring'i ndi mabering'i atsopano, mutu wa injini anaupititsa ku engineering kukaupala ndi kunola mavalavu. M'mawa akailiza imalira bwino ndithu. Koma ikangotentha, cha ku Msundwe uko, dalaivala akachepetsa liwiro pa hampu kapena kuima kuti atsitse munthu, injini imanjenjemera ngati wodwala malungo, kenako zii. Okwera n'kumatsika akutukwana.

Pa masabata atatu okha bamboyu anali atagulitsidwa mapulagi, makoyilo onse anayi, pampu ya mafuta ndi sensa ya mpweya. Chichitikireni zoti kwacha yatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, nonse mukudziwa mmene masipeya akulumira. Vuto silinasunthe. Kunyumba achibale anali atayamba kale kunong'ona kuti pali dzanja la munthu, kuti anzake a pasiteji amuchitira kaduka. Dzanja la munthu linalipodi, koma linali dzanja logwira sipana.

Funso langa loyamba linali lakuti: kodi galimotoyi imazima chonchi musanaiphwasule? Anati ayi, imangofuka utsi basi. Ndiye tiganize bwino. Makoyilo omwe amagwira ntchito tsiku lomwe galimoto imalowa m'galaja sangagwirizane kufa onse anayi ali phee pa benchi. Vuto likabadwa ndi overhaul, mulifune pa zinthu zomwe manja anamasula ndi kubwezera: mapayipi a mpweya, mawaya, timing, magasiketi ndi mavalavu.

Ndinayamba ndi zosadya ndalama. Ndinaona ngati waya wa earth wamangidwa bwino pa injini, ngati tizolumikizira ta masensa a crankshaft ndi camshaft talowa mpaka kulira kuti "tswa", komanso ngati kompyuta ya galimoto inapatsidwa mpata woti izolowerenso kulira kwa injini galimoto itaima, poti batire linachotsedwa masiku ambiri. Zonsezi zinali bwino. Nditaika makina owerengera mavuto mu kompyuta ya galimoto, panatuluka manambala P0171 ndi P0300. Yoyambayo imangonena kuti mpweya wachuluka kuposa petulo, yachiwiriyo imati injini ikuphonya kuyaka m'masilinda osiyanasiyana. Palibe pomwe nambalazi zimati "gula sensa". Apa m'pomwe anyamata ambiri a makina akutisokeretsa: amawerenga nambala, n'kukutumizani kushopu.

Mpweya wochulukawo umalowera pati? Ndinatchera khutu ndipo ndinamva kamluzu kakang'ono kumbali ya manifodi, njira yolowetsa mpweya m'masilinda. Nditapopera pang'ono mankhwala otsukira kabureta pamalopo, kulira kwa injini kunasintha nthawi yomweyo. Achinyamata amene mungayesere njirayi, mankhwalawa amayaka, musapopere pafupi ndi ekizozi yotentha ndipo chozimira moto chikhale pafupi. Nditamasula ndinapeza kuti anabwezerapo gasiketi yakale, youma gwa, n'kuipaka silikoni ngati akumata chidebe chodontha. Kapayipi ka PCV, kotenga mpweya wa mkati mwa injini kupita ku manifodi, nako kanali kong'aluka kunsi komwe diso silifika. Mpweya wolowera m'ming'alu yotere sudutsa pa sensa, choncho kompyuta siuwerengera, ndipo imapereka petulo wochepa. Pa liwiro lalikulu simungazindikire chifukwa mpweya wakubawo ndi wochepa poyerekeza ndi wonse. Galimoto ikaima m'pomwe umalamulira.

Ndinaika gasiketi ndi kapayipi katsopano, injini inakhazikikako, ndipo kunena zoona ndinatsala pang'ono kumupatsa makiyi mwini wake. Chinandiletsa ndi mawu aja akuti imavuta ikatentha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinaiyendetsa mpaka inatentha bwinobwino, ndipo nditaima inayambanso kugwedezeka, ngakhale osati ngati poyamba. Ndinachotsa waya wa koyilo imodziimodzi. Pa silinda 1 ndi 4 injini imagwa mphamvu kwambiri, kusonyeza kuti zimagwira ntchito. Pa 2 ndi 3 kusintha kunali kochepa. Nditayeza compression, mphamvu yomwe silinda imapanira mpweya, injini ili yotentha, masilinda awiri omwewo anali pansi kwambiri, pomwe pa injini yabwino sayenera kusiyana ndi anzawo kuposa pafupifupi 10 peresenti. Ndinathiramo oyilo pang'ono n'kuyezanso, geji osakwera. Akanakhala maring'i, oyiloyo akanatseka mpata ndipo geji ikanakwera. Apa ndinadziwa kuti mphamvu ikuthawira kumtunda, ku mavalavu.

Apa ndi pomwe ndikufuna amakaniko anzanga amvetse. Injini imeneyi, pa ma Probox akalewa, ilibe kanati kosinthira mpata wa mavalavu monga tinazolowera pa injini zina zakale zomwe umangomasula nati n'kupotoza sikuluu. Pamwamba pa valavu iliyonse pamakhala kachitsulo konga kapu, ndipo timakapu 16 timeneti si tofanana kukhuthala. Kalikonse kali ndi nambala yake mkati ndipo kanasankhidwira valavu yakeyake. Mnyamata amene anaphwasula injiniyi anandivomera yekha kuti anangotikhuthulira tonse m'beseni la petulo, n'kumatola kalikonse pobwezera. Onjezerani apo kuti valavu ikanoledwa imamira pang'ono m'malo mwake, mwendo wake n'kukwera, mpata n'kuchepa. Buku la Toyota limafuna mpata wa mamilimita 0.15 mpaka 0.25 ku mavalavu olowetsa mpweya, ndi 0.25 mpaka 0.35 ku otulutsa utsi, injini ili yozizira. Pa mavalavu atatu otulutsa utsi, ngakhale kalilime kopyapyala kwambiri ka feeler gauge, chipangizo choyezera mipata, kanakana kulowa.

Chitsulo chikatentha chimatalika. M'mawa mavalavu aja amatseka movutikira, koma ikafika pa Msundwe amakhala atatalika moti satsekanso, mphamvu n'kumathawa. Akanapitiriza kuyenda nayo mwezi wina, mavalavuwo akanapsa m'mbali ndipo mutu ukanatsikanso. Ndinayang'ananso tcheni cha timing poti chivundikiro chinali chotsegula kale. Dzino limodzi lokha likaphonya, injini imalira ndithu koma yopanda mphamvu. Mwamwayi zizindikiro zonse zinali m'malo mwake.

Kukonza kwake kunali kuyeza mipata yonse 16, kuilemba papepala, kusinthanitsa timakapu tina, ndi kukasaka tinayi kwa ogulitsa masipeya a galimoto zophwasulidwa. Tsiku limodzi ndi theka. Makoyilo akale aja, omwe bamboyu anawasunga m'jumbo, ndinawayesa ndipo onse ndi amoyo.

Kwa eni galimoto ndikuti, musanalipire ndalama yotsala ya overhaul, funsani makaniko akuonetseni pepala la compression ya silinda iliyonse ndi mipata ya mavalavu. Muyende nayenso mpaka injini itenthe, muime, muyatse magetsi ndi fani, muponde buleki kangapo, muone ngati siigwedezeka. Ndipo musathire petulo wa m'zigubu pa injini yongomangidwa kumene, chifukwa ikavuta simudziwa kuti mlandu ndi wa mafuta kapena wa makaniko.

Kwa a TEVETA pempho langa ndi ili. Anyamata ambiri a ku Biwi, ku Ndirande ndi ku Mzuzu anaphunzira ntchitoyi pansi pa mtengo, poonera, ndipo manja ali nawo. Chomwe akusowa ndi kuyeza. Tikonzereni maphunziro afupiafupi a Loweruka, a m'Chichewa, a kagwiritsidwe ntchito ka geji ya compression, feeler gauge, torque wrench ndi tanthauzo la manambala a pa makina aja. Mnyamata wa beseni uja ndinamuitana kuti adzaone ndikuyeza, ndipo anabwera. Anakhala tsiku lonse akulemba manambala pa katoni ya sopo, ndipo madzulo anandifunsa mtengo wa feeler gauge.

Ine wanu,
Makaniko wa ku Biwi,
Lilongwe