Kalata yotseguka kwa Pulezidenti wa FAM: mphotho za mpira wa atsikana zifike mpaka m'maboma

Wolemekezeka a Fleetwood Haiya,
Pulezidenti wa Football Association of Malawi,
Mpira Village, Chiwembe, Blantyre.

Bambo Haiya,

Ndikulemba kuchokera ku Kasungu. Ndine mayi, mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera, ndipo ana akaweruka ndimatsala pabwalo ndi atsikana kuwaphunzitsa mpira wamiyendo. Kalatayi ndaiika poyera chifukwa pempho lili m'menemu si langa ndekha. Makochi anzanga a ku Santhe, Chamama, Nkhamenya ndi Mtunthama timaidandaula nkhaniyi nthawi zonse tikakumana, ndiye ndati ndiifikitse kwa inu amene mungathe kuchitapo kanthu.

Ndiyambe ndi zomwe tonse tanyadira. Mu November 2025, ligi ya mpira wa amayi ya ku America, NWSL, inasankha Temwa Chawinga kukhala wosewera bwino kuposa onse, kachiwiri motsatizana. Mu 2024, chaka chake choyamba ku Kansas City Current, anamwetsa zigoli 20 n'kuphwanya mbiri ya zigoli 18 imene Sam Kerr anaika mu 2019. M'ligi yonseyo munalibe timu imene sanaichinye. Chaka chotsatira matimu anali atamudziwa ndipo ankamulonda kwambiri, koma anamwetsabe 15, natenganso nsapato ya golide, timu yake n'kumaliza pamwamba pa ligi. Mkulu wake Tabitha njirayi anaiyenda kale: zigoli 26 ku Kvarnsveden m'ligi ya Sweden mu 2017, zigoli 23 ku Inter Milan mu sizoni ya 2022/23, zigoli 19 ku Paris Saint-Germain mu 2023/24, kumenenso osewera anzake a m'ligi ya France anamuvotera kuti ndiye waposa onse. Ana awiri a m'nyumba imodzi, ochokera ku Rumphi.

Zimenezi mukuzidziwa kuposa ine. Ndazitchula chifukwa cha manambalawo. Munthu ali kuno ku Kasungu, pafoni chabe, angathe kunena kuti Tabitha anamwetsa zingati ku Sweden mu 2017. Koma funsani kuti mtsikana amene wamwetsa zigoli zambiri m'boma lino chaka chathachi ndi ndani. Kochi aliyense atchula wa timu yake, ndipo mkangano wake sudzatha, chifukwa palibe buku limene tingatsegule kuti litiweruze.

Mphotho ya kumapeto kwa sizoni timaiona patsiku la chisangalalo, wosewera atatchena, akulandira chikho. Koma kuseri kwake kuli ntchito yotopetsa ya chaka chathunthu. Pa masewero aliwonse pamakhala munthu wolemba: walowa ndani, wasewera mphindi zingati, wamwetsa ndani, wam'patsira mpirawo ndani, goloboyi wapulumutsa kangati. Sizoni ikatha, ovota amakhala ndi pogwira. Ku NWSL amavota ndi osewera, makochi ndi akuluakulu a matimu, atolankhani komanso masapota, ndipo mavoti a osewera ndiwo amalemera kwambiri. Temwa sanapambane chifukwa wina anamukonda nkhope. Zimene anachita zinalembedwa, ndipo amene ankalimbana naye pabwalo anavomereza.

Tsono ndikuuzeni mmene zimakhalira kuno. Masewero ambiri a atsikana amachitika pa bonanza, makamaka andale akayandikira chisankho kapena wamalonda wina akafuna kutchuka. Atsikana amasewera dzuwa lili paliwombo, anthu asanabwere, kuti bwalo likhale lopanda kanthu pofika nthawi ya anyamata. Ndinaonapo mtsikana wa fomu 2 akumwetsa zigoli zinayi pa masewero otere, phazi limodzi jombo, linalo nsapato ya pulasitiki, chifukwa jombozo anagawana ndi mnzake. Chigoli chachitatu anachotsa anthu atatu pakati pabwalo, goloboyi n'kumugoneka, mpira n'kuukankha pang'onopang'ono muukonde. Wapachimkuzamawu ankangokuwa kuti “nambala 9! nambala 9!” poti dzina sankalidziwa. Masewero atatha atsikana anathamangira kuseri kwa kalasi kukavula majezi, chifukwa anyamata ankadikira majezi omwewo. Madzulo popereka mphotho, dzina la mwanayo silinamveke. Teremu yotsatira sanabwerenso kusukulu. Anzake anati ali ku esiteti, akusoka fodya.

Sindikunena kuti chikho chikanamubweza m'kalasi. Umphawi umene umachotsa ana athu pasukulu ndi waukulu kuposa chikho. Koma ndikudziwa zimene pepala lokhala ndi chidindo limachita pakhomo. Kholo limene limati mpira ndi wa anyamata, mwana wamkazi azikatunga madzi, limayamba kulankhula mosiyana dzina la mwana wake likatchulidwa pagulu, pamaso pa amfumu. Ndakhala pakhonde ndi makolo ambiri kuwapempha kuti alole mwana apite kokasewera. Ndikatchula Temwa amagwedeza mutu, amati amenewo ndi a kunja. Chimene chimawafewetsa ndi kuona kuti za mwana wawo zikudziwika kuboma.

Kuno ndi kwa alimi a fodya, ndipo aliyense amadziwa kuti belo lopanda tikiti ku Chinkhoma silingagulitsidwe, ngakhale tsamba lake likhale lokongola chotani. Luso la atsikana athu lili chimodzimodzi. Lilipo, koma lilibe cholembedwa chosonyeza mwini wake ndi kumene lachokera.

Ndikuyamikira zimene zachitika kumtunda. Kuyamba kwa ligi ya dziko lonse ya amayi mu 2025, ndi thandizo la National Bank of Malawi, ndi chinthu chimene ambirife tinkangochilota. Ma Scorchers, timu yathu ya dziko ya amayi, anatenga chikho cha COSAFA, cha mayiko a kumwera kwa Africa, mu 2023 atagonjetsa Zambia 2-1, ndipo mu October 2025 anachotsa Angola n'kupeza malo koyamba ku mpikisano wa matimu a amayi a mu Africa. Zigoli ziwiri za pa Bingu tsiku limenelo anamwetsa ndi Faith Chinzimu, amene anakulira ku sukulu ya mpira ya Ascent Soccer. Iye alipo anamuona ali wamng'ono, namutenga, namusamala. Matimu ambiri a ligi yaikulu ali m'mizinda, ndipo alibe ndalama zoyendera bwalo lililonse la ku Chulu kapena ku Wimbe kukasaka osewera. Akanakhala ndi mndandanda wodalirika wochokera m'boma lililonse, akanadziwa koyambira.

Pempho langa ndi ili, Bambo. FAM, mogwirizana ndi National Women's Football Association, makomiti a mpira a m'maboma komanso a masewera a m'sukulu, ikhazikitse mphotho za kumapeto kwa sizoni za atsikana m'boma lililonse, ndipo mphothozo zichokere m'zolembedwa. Chiyambi chake ndi fomu imodzi yofanana dziko lonse, tsamba limodzi basi. Oyimbira ndi makaputeni awiri asayine masewero akangotha, wina aijambule pafoni n'kuitumiza pa WhatsApp kwa mlembi wa komiti ya boma. Bonanza iliyonse yofuna chilolezo cha komiti ikhale ndi fomuyi. Sipakufunika kompyuta pabwalo. Pakufunika cholembera, ndi lamulo lochokera kwa inu lonena kuti masewero osalembedwa sawerengedwa.

Pamodzi ndi fomuyo pakhale khadi la wosewera aliyense, lokhala ndi chithunzi ndi tsiku lobadwa. Apa ndiima pang'ono, chifukwa nkhaniyi imandiwawa. Mtsikana akangoposa anzake pabwalo, mawu oyamba kumveka kunja kwa mzere ndi akuti “ameneyo ndi mnyamata” kapena “ameneyo ndi ntchembere, ali ndi ana kunyumba.” Tabitha anafotokozapo poyera kuti ali ndi zaka 13 anamuvula zovala pa masewero kuti atsimikize ngati ndi mtsikana. Barbra Banda wa ku Zambia, atalandira mphotho ya BBC ya wosewera wa chaka mu 2024, ananyozedwa pa intaneti za maonekedwe ake, chaka chomwecho chimene anathandiza Orlando Pride kutenga chikho cha NWSL ndiponso bungwe la mpira mu Africa la CAF linamusankha kukhala wopambana mu Africa. Ngati akatswiri otere zimawagwera, nanga mwana wa kumudzi amene alibe womuyankhulira? Ndinaonapo mtsikana akutuluka m'bwalo akulira masewero asanathe, masapota a timu ina akumuimba nyimbo zonyoza thupi lake. Tikayamba kupereka mphotho popanda makhadi, mikangano yotereyi idzachuluka, ndipo amene adzavulale ndi ana omwe tikufuna kuwalemekeza. Khadi limathetsa nkhani kutebulo, masewero asanayambe, ndipo palibe wokhudza thupi la mwana.

Chinanso, mphothozo zisakhale za omwetsa zigoli okha. Kutchuka kwa Temwa ndi Tabitha kwachititsa kuti mtsikana aliyense wobwera kubwalo langa azifuna kusewera kutsogolo. Kupeza wovomera kukhala pagolo ndi ntchito, ndipo nthawi zambiri timangoikapo wamtali kapena wobwera mochedwa. Ligi ya ku America imalemekeza goloboyi, wotchinga kumbuyo, wosewera pakati, wosewera watsopano ndi kochi, kenaka imasankha osewera 11 a sizoni. Mu 2024, pomwe Temwa ankalandira zake, Ann-Katrin Berger analandira ya goloboyi, Emily Sams ya wotchinga kumbuyo. Ngakhale ku COSAFA ya 2023, kumene Temwa anamwetsa zigoli 9 n'kusankhidwa wosewera wa mpikisano, zigoli za mu ndime yomaliza zinachokera kwa Asimenye Simwaka ndi Sabinah Thom, ndipo kumbuyo kunali anthu amene anapirira mpaka wezulo yomaliza. Dziko likufunika otchinga ndi magoloboyi, ndipo mwana amalimbikira malo amene akuona kuti anthu amawawerengera.

Za kavotedwe, ndikupempha kuti mawu a osewera ndi makochi akhale patsogolo, ndipo pasapezeke wovotera wa timu yake. Kaputeni amene wathamangitsidwa ndi mnzake kwa mphindi 90 amadziwa bwino kuti wovuta ndi ndani. Wopereka ndalama athokozedwe, apatsidwe mpando wapamwamba, apereke chikho ndi manja ake, koma asasankhe wopambana. Tonse tikudziwa zimene zimachitika wothandiza akakhala ndi mphwake m'timu. Mavoti a pa Facebook okha nawonso sangathandize kuno, chifukwa angapambanitse wa patauni amene abale ake ali ndi bandulo, wa ku Kaluluma n'kutsala.

Mudzafunsidwa kuti ndalama zichokera kuti. Mphotho zimene ndikunenazi si galimoto kapena envulopu yonenepa. Ndalama m'manja mwa mwana wa zaka 15 sizifika ndi kunyumba komwe. Jombo zomukwana, mpira wachikopa, satifiketi yokhala ndi chidindo cha FAM, ndi fizi ya chaka yolipiridwa kusukulu mwachindunji, zimenezi n'zokwanira. Choposa zonse chikhale kalata yomuitana kukayesedwa pamaso pa makochi a matimu a dziko a atsikana a zaka zosapitirira 17 ndi 20, ndalama yoyendera ili momwemo, komanso mayi wamkulu womuperekeza. Izi za womuperekeza musazione ngati zazing'ono. Palibe kholo la nzeru limene lingalole mwana wamkazi kukwera minibasi yekha kupita ku Lilongwe chifukwa bambo wina wosadziwika waimba foni kuti akamuyese mpira, ndipo makolowo akulondola.

Nthawi yoperekera mphotho iganiziridwenso. Mvula ikayamba mu November ndi December, ana athu amakhala kumunda, mabwalo ambiri ndi matope. Miyezi yokolola ndi kusankha fodya nayonso imawatenga, ndipo a fomu 2 ndi fomu 4 amakhala ndi mayeso pakati pa chaka. Sizoni ya m'boma ikonzedwe ndi anthu odziwa zimenezi, ithe mvula isanagwe, mwambo uchitike ana akadali pasukulu. Ndipo tsiku limene muzidzalemekeza akatswiri a ligi yaikulu, maina a opambana a m'maboma awerengedwenso pamwambo womwewo, pa wailesi, kuti agogo ali ku Simlemba amve dzina la mdzukulu wawo likutchulidwa pamodzi ndi a ma Scorchers.

Ngati kuyamba dziko lonse nthawi imodzi n'kovuta, yambani ndi maboma ochepa, ndipo Kasungu ikhale m'gulumo. Bwalo la Kasungu Stadium lilipo lochitira masewero omaliza ndi mwambo wake. Aphunzitsi ndi makochi amene ndakambirana nawo ndi okonzeka kulemba mafomu ndi kusunga buku la boma popanda malipiro, monga momwe timaphunzitsira anawa popanda malipiro. Kwa inu tikupempha fomu yovomerezeka, makhadi a osewera, tsiku limodzi lophunzitsa alembi ndi oyimbira, komanso kalata yopita ku komiti ya boma yonena kuti ntchitoyi ndi ya FAM. Zikafika sizoni ikubwerayi isanayambe, pofika kumapeto kwake tidzakutumizirani maina, zigoli ndi masiku a masewero onse.

Ine wanu pa chitukuko cha mpira wa atsikana,

Mphunzitsi ndi kochi wa atsikana,
Kasungu.